Mawu oyamikira a pachikuto cha buku: amawerengadi anthu amenewa?

NaLuchenza
Anzanga owerenga, ndili ndi funso koma mkati mwake muli kadandaulo. Mwezi wathawu ndinapita ku launch ya buku lina ku Blantyre, mabuku achilimbikitso aja oti ungathe kuyamba wopanda kanthu nkudzakhala bwana. Dzina sinditchula chifukwa wolembayo enanu mumamudziwa. Ndinalipira K18,000, ndalama yoti ndikanagulira mwana nsapato. Chinandikopa ndi chikuto chakumbuyo, pali anthu anayi ayikapo mawu awo, abusa ena otchuka, adokotala ena a ku yunivesite, ndi alembi awiri omwe ine mabuku awo ndimawakonda kwabasi. Wina akuti bukuli lisintha moyo wanu, wina akuti atangoliyamba sanagone mpaka kunacha. Ndafika nalo kunyumba, eee, zilembo zolakwika tsamba lililonse, nkhani ya mu chaputala 3 yabweranso mu chaputala 7 angosintha dzina la munthu, ndipo malangizo ake ndi omwe aja timawaona pa status za anthu mmawa uliwonse. Nde ndikufunsa, anthu amenewa amawerengadi mabukuwa asanayikepo dzina lawo? Kapena ogulafe ndi amene tili opusa?

Kalongonda77
Kkkkk sanagone mpaka kunacha chifukwa amasaka pomwe pali nzeru osapapeza

Wakabaza_Limbuli
K18,000 achemwali? Ine ndipalase kangati Limbuli mpaka Muloza kuti ndiigwire imeneyo. Pepani ndithu.

Wa_pa_Printer
Ndiyankhe ngati munthu amene ndimakonza zikuto zimenezi. Ndimagwira ntchito pamalo ena osindikizira ku Limbe ngakhale kwathu ndi ku Thekerani. Munthu amabwera ndi flash muli buku lake nde amati kumbuyoku mundisiyire malo a ma endorsement atatu. Ndikafunsa kuti ali kuti, amati abwera. Tsiku la launch walengeza kale pa Facebook, holo walipira kale, mlendo wolemekezeka wavomera. Kukatsala masiku ochepa mpomwe amayamba kuthamangathamanga. Amakhala pambali panga pompo pabenchi, foni mmanja, akulemba yekha ziganizo ziwiri zitatu zoyamikira buku lake lomwe, nkutumiza pa WhatsApp kwa bwana uja kuti adadi ndaona kuti mwatanganidwa nde ndakulemberani ka draft, mungoona ngati kali bwino. Pakapita kanthawi kumabwera kachala koloza mmwamba kaja. Basi kwatha. Ine ndimatenga mawuwo nkuika pachikuto, pansi pake dzina ndi maudindo onse, Rev. Dr. wakutiwakuti. Nthawi zina chikuto timasindikiza chaputala chomaliza chisanalembedwe nkomwe, nde mundiuze kuti anawerenga chani.

Sikuti onse amatero ayi. Alipo ena amabwera ndi kalata yeniyeni yosainidwa, mpaka woyamikirayo wakonzamo zolakwika mmasamba ndi bolopeni yofiira. Koma amenewo ndi owerengeka.

NaLuchenza
Ambuye wanga. Ndiye kuti ine ndinagula chala cha pa WhatsApp

Aphunzitsi_Opuma
Ana anga, ndiloleni ndiyankhuleko chifukwa ine ndili mbali inayo. Ndinaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi ku sekondale zaka zambiri kuno ku Mulanje, ndipo ana amene anadutsa m'manja mwanga ena pano akulemba mabuku. Akalemba amabwera kwa ine. Amafika pakhomo atanyamula shuga ndi buledi, kugwada, n'kunena kuti aphunzitsi, popanda inu sindikanafika pamenepa, ndikupempha mawu anu pachikuto. Tsono inu mukuganiza kuti munthu wotere ungamuyang'ane m'maso n'kumuuza kuti buku lako silinapse? Pamaliro paja woyankhula m'malo mwa banja sanena kuti malemuwa anali ovuta pangongole. Amafuna chabwino chimodzi chimene chinalipo n'kuchikuza. Mawu ambiri a pachikuto amalembedwa ndi mtima womwewo.

Ine ndili ndi lamulo langa: sindilemba ndisanawerenge, ndipo sindilemba bodza. Koma zoona zimene munthu ungasankhe kunena ndi zambiri. Buku likakhala lofooka ndimayamikira munthuyo. Ndimati ndamudziwa kuyambira ali Fomu 1, ndi wakhama, nkhani imene wasankha ndi yofunika m'dziko muno. Zonsezo ndi zoona. Buku likakhala labwino ndimanena za bukulo: ndimatchula munthu wa m'nkhanimo amene wandikhudza, ndimatchula chaputala chimene chinandiseketsa, ndimanena chimene wolembayo wachita chomwe anzake sanachite. Choncho inu a NaLuchenza, tengani buku lanulo muonenso kuchikutoko. Mwa anthu anayiwo, alipo amene watchula chinthu choti munthu sangachidziwe asanatsegule bukulo? Ngati onse akungoti ndi lofunika kwa Mmalawi aliyense, labwera panthawi yake, wolembayu ndi mphatso kwa fuko lathu, dziwani kuti mwina sanawerenge, kapena anawerenga koma akuzemba kunena zimene anapeza.

NaLuchenza
Ndaonanso aphunzitsi. Abusa akuyamikira utumiki wake kwa achinyamata, adokotala akuti dziko likufunika mabuku otere, enawo ndi aja osagona. Olo mmodzi wotchula za mkati palibe.

Tiyi_Wopanda_Shuga
Ndi ulemu wonse aphunzitsi, koma zimene mwafotokozazo ndi chinyengo basi, changovala tayi. Inuyo mukudziwa kuti buku ndi lofooka, mukudziwanso kuti mayi wa ku Luchenza akaona dzina lanu atulutsa ndalama, nde mukusankha mawu mochenjera kuti mawa mudzati ine sindinaname. Chinsinsi chimenecho choti ndikayamikira munthu ndiye kuti buku ndi loipa mukuchidziwa ndi inu nokha olembanu, wogula palibe anamuuza. Ndipo pamaliro paja palibe amene amalipira K18,000 kuti amve mawuwo.

Kalongonda77
Eish aTiyi lero mulibedi shuga

Aphunzitsi_Opuma
Mwana wanga, zimene wanenazo zili ndi mutu, sindikutsutsa. Koma uone mmene tikukhalira. Ndinamukanapo mnyamata wina, mwaulemu ndithu, ndinamuuza kuti bukuli alibwerezenso kaye chaka chimodzi. Mpaka lero mayi ake sandipatsa moni ku tchalitchi, ndipo buku linatuluka lomwelo, lili ndi mawu a munthu wina wamkulu kuposa ine. Kukana kwanga sikunateteze wowerenga aliyense, kunangondichotsera abale. Anthu olemba m'dziko muno ndi ochepa, timadziwana tonse, timakumana kumisonkhano ya alembi, kumaukwati, kumaliro. Amene ukumukana lero ndi amene mawa akhale pampando woweruza mpikisano umene mwana wako walowa.

Tiyi_Wopanda_Shuga
Nde mwavomereza nokha kuti mawuwo amalembedwera wolemba, osati wowerenga. Ndi zomwe ndimafuna kumva.

Chiperoni_Girl
Musaganize kuti ndi matenda a kuno kokha guys. Ku America komwe zinayamba kalekale mwa njira yokhota. Mu 1855 mlakatuli Walt Whitman anatumiza buku lake kwa Ralph Waldo Emerson, yemwe nthawi imeneyo anali katundu weniweni pa zolembalemba, nde Emerson anamuyankha kalata yomuyamikira, kalata ya awiri basi. Whitman osapempha chilolezo anatenga chiganizo chimodzi mkalatamo nkuchidinda ndi zilembo za golide pamsana pa buku pomwe linatulukanso mu 1856. Munthu yemweyo ankalembanso yekha ndemanga zoyamikira buku lake munyuzipepala osayikapo dzina. Nde mnyamata wa pabenchi ya a Wa_pa_Printer uja ali ndi agogo ake kkk.

Komanso chaka cha 2025 chitangoyamba, Sean Manning wa ku kampani yosindikiza mabuku ya Simon & Schuster analengeza kuti mbali imene iye amayang'anira sidzikakamizanso alembi kukasaka mawu oyamikirawa. Chifukwa chake anati zimadya nthawi yomwe anthu akanalembera mabuku awo, komanso zimakomera amene ali ndi anzawo otchuka osati amene ali ndi luso. Ngati osindikiza eni akewo akutopa nazo, ife tikakamiriranji?

Mdzukulu_wa_Makwasa
Ine ndikukana kuti tingotaya zonse. Buku la Chimamanda Ngozi Adichie la nkhondo ya Biafra lija, Half of a Yellow Sun, linatuluka mu 2006 lili ndi mawu a Chinua Achebe. Ine ndinalipeza pansi pa msika wa Limbe pakati pa mabuku akale a biology, wolembayo sindinkamudziwa, ndinalitola chifukwa cha dzina la Achebe basi. Ndipo madala sananame, buku lija ndi moto. Kusiyana kwake nkwakuti Achebe anali munthu woti ntchito yake inali kuwerenga zolemba za anthu atsopano, paja ndi amene anali mlangizi wa African Writers Series, mndandanda wa mabuku a alembi a mu Africa wa kampani yosindikiza ya Heinemann, kuyambira 1962 kwa zaka khumi, nde diso analinalo ndipo dzina lake sankangolimwaza paliponse. Funso si loti mawu oyamikira ndi abodza kapena ayi, funso ndi loti akuyamikirayo ndi ndani ndipo wayamikirapo angati. Pali anthu ena kuno dzina lawo lili pa buku lililonse lotuluka, la ndakatulo alipo, la ulimi wa nkhuku alipo, la banja alipo. Munthu mmodzi angakhale katswiri wa zonsezo?

Tiyi_Wopanda_Shuga
Achimwene mukutchula chimodzi chomwe chinayenda bwino. Nanga mabuku ena onse amene munawatola chifukwa cha dzina lalikulu nkukhumudwa, amenewo simukuwakumbukira chifukwa munawasiya pansi pa bedi.

Mdzukulu_wa_Makwasa
Pansi pa bedi pali nsapato zokha kwathu. Koma mfundo yanga ndi yoti popanda dzina lija sindikanalitsegula nkomwe. Ntchito ya mawuwo ndi kukuimitsa kuti utsegule, kugula ndi nkhani ina.

Wakabaza_Limbuli
Koma abale inu mabuku akudula bwanji chonchi masiku ano? Ine ndimangodikira wina aponye PDF pa gulu

Wa_pa_Printer
Amwene pepala timaitanitsa kunja, inki kunja, ma plate kunja, zonse zimafuna forex. Kwacha atangoigwetsa ndi 44% mu November 2023 mitengo yonse inakwera nthawi yomweyo. Komanso munthu akasindikiza makope 200 okha, buku lililonse limadula kuposa akanasindikiza 2,000, koma 2,000 agulitsa kwa ndani? Ndiye inu mukamagawana PDF ndi pomwe mukumuphera limodzi.

Wakabaza_Limbuli
Nanga nditani poti laibulale ili kutali ndipo minibasi yopita ku Limbe nayo yakwera

Kalongonda77
Mukwere njinga yanu yomweyo, mudutse pa Thyolo mutigulireko nthochi

Namasupuni
Za PDF zo musamaseke, ndi kuba ndithu, a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi oimba, alipo pa chifukwa chimenecho. Mlongo wanga analemba kabuku ka masamu a JCE, sabata isanathe kanali pa magulu onse a makolo, ndalama yosindikizira sinabwerere mpaka pano ndipo akubwezabe ngongole ku banki mkhonde.

Admin_Sapitwa
Abale tibwerere ku funso la a NaLuchenza. Za PDF titsegula nkhani yake payokha, ndipo woponya PDF ya buku la munthu wa kuno pagulu lino timuchotsa, tinagwirizana kale.

Mayi_wa_Mabuku_Chitakale
Ine ndimagulitsa makope, zolembera, Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi mabuku ena pang'ono, nde ndimaona mmene anthu amagulira. Kunena zoona anthu anga ambiri kuchikuto chakumbuyo sayang'anako nkomwe. Kholo likabwera limafunsa chinthu chimodzi, kodi ili ndi limene anena aphunzitsi? Ngati buku lili pamndandanda wovomerezeka, lija analiunika ku Malawi Institute of Education ku Domasi, limayenda lokha olo chikuto chikhale chonyansa. Kumeneko ndiye kuyamikira kumene ine ndimakukhulupirira chifukwa kuli anthu amene ntchito yawo ndi kulifananiza ndi silabasi, sikuti akusangalatsa mnzawo. Koma ma pamphlet awa ena amalemba pamwamba kuti wolemba ndi examiner wa zaka zambiri, dzina lake osalitchula, nde ana a Fomu 4 amalimbirana. Ine ndimawauza kuti mwana wanga tatsegula uone ngati mayankho akewo akugwirizana ndi buku la mkalasi, ena amamva ena ayi.

Chachiwiri chimene chimagulitsa buku kuno ndi guwa. Abusa akangonena Lamulungu kuti buku lakuti ndi labwino, Lolemba azimayi a chigwirizano amabwera motsogozana. Nde kwa ife kuno mawu a pakamwa a munthu amene timamuona sabata iliyonse ali ndi mphamvu kuposa a Professor amene sitinamuonepo. Ubwino wake, abusawo akanama timadziwa kowapeza.

NaLuchenza
Kkkk zoona amayi, anga aja a pachikuto ndikawapeza kuti ine

Aphunzitsi_Opuma
A Mayi a Mabuku akumbutsa chinthu. Mabuku a Chichewa amene ife tinakula nawo sitinkawasankha chifukwa cha mawu a munthu wotchuka kuchikuto. Ankabwera kudzera kusukulu ndi kumishoni, ndipo mbiri yake inkayenda pakamwa. Koma nkhani ya dzina lalikulu inayamba kale ngakhale kwa alembi athu. Nthondo ya Samuel Ntara itapambana mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa, T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi n'kutuluka ku London mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa, ndipo mawu otsogolera analemba ndi Julian Huxley, wasayansi wotchuka wa ku England. Mukuona? Ife kuno bukulo tinalikonda popanda Huxley. Koma kuti mzungu wa ku London atole buku la mphunzitsi wa ku Nyasaland, panafunika mzungu mnzake amutsimikizire. Ana athu lero akuchita zomwezo, kungoti Huxley wawo ndi Bishopu kapena phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Mdzukulu_wa_Makwasa
Ngakhale la William Kamkwamba wa ku Kasungu lija la 2009 linatuluka ndi mawu a Al Gore, yemwe anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa America. Koma chosangalatsa nchoti Kamkwamba mwini wakeyo buku limene linamusinthira moyo mu laibulale ya kwawo, Using Energy, chinamukoka ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto, osati mawu a munthu

Kalongonda77
Nde tizigula poona zithunzi ngati ana a Sitandade 1

Chiperoni_Girl
Chinanso muzisamala ndi timadontho titatu tija mkati mwa mawu ogwidwa kuchokera munyuzipepala. Pomwe pali madontho pamakhala pachotsedwa kanthu, ndipo nthawi zina chochotsedwacho ndi chimene chinali nkhani. Mu 2023 ku UK kunali phokoso pa buku la Jordan Peterson, anthu ounika mabuku, mmodzi mwa iwo James Marriott wa The Times, anadandaula kuti iwo bukulo analidzudzula koma pachikuto anangodulapo timawu tabwino nkutilumikiza ngati analiyamikira. Tiyerekeze ine ndalemba kuti "bukuli ndi lodabwitsa mmene likubwerezera zinthu zomwezomwezo", pachikuto nkuikapo "bukuli ndi lodabwitsa..." dzina langa pansi. Mawuwo ndi angadi, koma ndi zimene ndinanena?

Wa_pa_Printer
Zimenezo nane ndadulapo, osati mwa chiwembu koma malo. Munthu walemba ndime yonse, pachikuto pakukwana mizere itatu, wolemba buku amati ingosiyani pabwinopo. Pamene panali "ngakhale kuti" ndi pamene pamayamba kupita.

Tiyi_Wopanda_Shuga
Mwamva nokha. Ine njira yanga ndi yachidule: kumbuyo sindiwerengako. Ndimatsegula pakati penipeni, osati tsamba loyamba chifukwa loyambalo aliyense amalipukuta bwino, ndimawerenga masamba awiri nditaima pomwepo. Ngati wogulitsa akukana kuchotsa pulasitiki ndimamusiyira buku lake.

Mayi_wa_Mabuku_Chitakale
Pulasitiki timayika chifukwa cha fumbi ndi manja a mandasi bambo, koma limodzi ndimasiya lotsegula

Namasupuni
Ine ndikuona kuti tikuwapatsa mphamvu yochuluka mawu amenewa. Mu 2013 J.K. Rowling, wolemba mabuku a Harry Potter uja, anatulutsa buku la upolisi pa dzina lobisika la Robert Galbraith, alembi ena odziwika a nkhani zotere ngati Val McDermid analiyamikira osadziwa kuti mwini wake ndi ndani, ndipo kuyamikira kwawo kunali koona. Koma bukulo linkangoyenda pang'onopang'ono. Zitangoululika mu July chaka chomwecho kuti ndi Rowling, linakwera mpaka pamwamba pa Amazon. Nde mawu oona a anthu oona sanagulitse, chinagulitsa ndi dzina la mwini.

Mnyamata_wa_Bvumbwe
Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete koma zikundipweteka nde ndilankhule. Ine ndine mmodzi mwa amene mukuwasekawo. Ndalemba buku la nkhani zifupizifupi za moyo wa mma esiteti a tiyi, mayi anga anathyola tiyi moyo wawo onse nde ndikudziwa fungo la dengu lonyowa ndi chiperoni, ndikudziwa mmene kapitawo amayankhulira pa sikelo masamba akapezeka ndi madzi, ndikudziwa za ma layini, nyumba zija amakhalamo antchito. Ndalemba usiku ndikaweruka ku ntchito, pa foni, chifukwa laputopu ndilibe. Tsopano mundiuze, ine mwana wa ku Bvumbwe wopanda dzina, ndikaika buku langa pa shelefu pambali pa la munthu amene ali ndi mawu a Bishopu ndi a nduna, ndani atole langa? Masamba ounika mabuku munyuzipepala ndi ochepa, ndipo kuti akuunike uyenera kudziwana ndi wina. Mashopu ena salandira nkomwe buku la munthu wodzisindikizira yekha ngati palibe dzina lodziwika. Pa launch ndalama yeniyeni imachokera kwa mlendo wolemekezeka pogula kope loyamba pamtengo wokwera, ndipo mlendoyo nthawi zambiri ndi yemwe uja walemba mawu otsogolera, nde ukapanda kumupempha mawu sabwera, akapanda kubwera ngongole ya kosindikiza ubweza ndi chani? Inu mukuti ndi chinyengo, ife tikuti ndi khomo lokhalo lomwe latseguka. A Simon & Schuster angathe kusiya chifukwa ali ndi ndalama zotsatsira malonda, ine ndili ndi bundle ya sabata.

Tiyi_Wopanda_Shuga
Achimwene ine sindikulimbana ndi inu. Pemphani mawuwo, palibe choipa. Chimene ndikukana ndi kudzilembera nokha pabenchi nkupempha chala. Mupatseni munthuyo nthawi awerenge, ndipo akakuuzani kuti silinapse musakwiye.

Mnyamata_wa_Bvumbwe
Ndinatumiza kwa akuluakulu angapo kalekale, ena anangoona blue tick, mmodzi anandiyankha kuti ndilembe ndekha iye asaina, wina anati ali ndi "kachindapusa ka nthawi yake". Nde owerengawo ali kuti?

NaLuchenza
Mpaka kulipiritsa?? Nde amenewo si mawu oyamikiranso, ndi advert

Mdzukulu_wa_Makwasa
Kulipira munthu kuti akukonzere buku, akuonetse pofooka, ndi ntchito ndipo ayenera kulipidwa. Koma kulipira kuti akuyamikire ndi zina. Vuto nloti kuno ziwirizi timaziphatikiza, mkonzi yemweyo ndi amene akuyamikiranso kuchikuto, nde anganene kuti ntchito yake yomwe ndi yoipa?

Chiperoni_Girl
Koma bwanji osayika mawu a anthu oti nkhaniyo ndi yawo? Buku la moyo wa mu esiteti, ine ndingakhulupirire kwambiri mayi wothyola tiyi atanena kuti zimenezi ndi zoona ndinaziona, kusiyana ndi nduna yoti tiyi imangomuona mu kapu.

Mnyamata_wa_Bvumbwe
Achemwali zimenezo zimakoma pokamba pano, koma wa shopu ku Blantyre akaona "Mayi wakuti, wothyola tiyi" aseka

Mayi_wa_Mabuku_Chitakale
Wa ku Blantyre aseke, ine sindingaseke. Makasitomala anga theka ndi a mma esiteti momwemo, tsiku la malipiro ndi pomwe ndimagulitsa. Mundibweretsere makope asanu ndiyese, ndalama mudzatenga akagulidwa.

Aphunzitsi_Opuma
Mnyamata wa ku Bvumbwe, ine ndiwerenga buku lako. Koma tigwirizane pamaso pa anthu onsewa, poti a Tiyi andiyika pa mlandu. Choyamba, usanditumizire pa foni, maso anga sakuonanso tizilembo timeneto, ulisindikize pa pepala ngakhale mbali zonse ziwiri. Chachiwiri, usalengeze tsiku la launch ndisanamalize. Chachitatu, ndikapeza kuti silinapse ndidzakuuza iweyo pawekha ndi bolopeni yofiira, ndipo pachikuto sindidzalembapo kanthu, ngakhale zoti ndiwe wakhama. Shuga ndi buledi usabweretse.

Kalongonda77
Buledi yekhayo abweretse aphunzitsi, tidzadya ife a komiti

Tiyi_Wopanda_Shuga
Nanga mayi ake akasiya kukupatsani moni?

Aphunzitsi_Opuma
A ku Bvumbwe sitipemphera tchalitchi chimodzi.

Mnyamata_wa_Bvumbwe
Ndavomera zonse aphunzitsi, ngakhale chachitatucho chandiopsa. Masamba alipo 140, a Wa_pa_Printer mungandichitire zingati mbali zonse ziwiri? Ndikapeza ndalama kumapeto kwa mwezi ndipatsira kondakitala wa minibasi ya ku Muloza akasiye pa shopu ya amayi pa Chitakale.

Mayi_wa_Mabuku_Chitakale
Mulikulunge mu jumbo, mvula ya kuno simaichenjeza. Ndipo mundiuze nambala ya minibasiyo, makondakitala ena katundu amakafika naye ku border.

Wa_pa_Printer
Ndiimbireni ku inbox amwene, pagulu pano abwana anga alipo